Mbedza ya Nthenga: Kodi Trout ndi Nsomba ya Mabwana Okha?



Nkhani ya ulendo uno yabadwira pa mtsutso umene unabuka pa msonkhano wathu wapitawu. Komiti itafunsa maganizo a kumene tingapite pa ulendo wathu wa pachaka, mnyamata wina mwa ophunzira athu anaimirira mwaulemu n'kupempha kuti chaka chino tisiye kaye nyama yootcha ya ku Kamakis, tikwere ku Murang'a, ku mtsinje wa Mathioya, tikaphunzire kuwedza nsomba ya trout ndi mbedza yovekedwa nthenga, kawedzedwe kamene eni ake amakatcha fly-fishing. Asanamalize n'komwe, anthu anafa nalo phwete. Bambo wina wa ku Nkhotakota, munthu amene anaphunzira kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake, anamufunsa kuti: "Iwe mwana wanga, ukuti tilipire galimoto, tilipirenso chiphaso, tiime m'madzi ozizira tsiku lathunthu, ndiye nsombayo ikakodwa tiibwezere m'madzi? Nanga ndiwo za ana tikagule ku Githurai pobwerera?" Mayi wina anangodula nkhani ndi mawu atatu: "Zimenezo n'za mabwana." Wapampando anaimitsa nkhaniyo kufikira msonkhano ukubwerawu.

Ife olemba tsamba lino tinaseka nawo, sitikana. Koma masiku atapita mawu a mayi aja anapitiriza kutisowetsa mtendere, mpaka atatu mwa ife tinapangana zokadzionera tokha Loweruka lina. Tabwerako ndi maganizo akuti pempho la mnyamatayu liyenera kuunikidwanso, ngakhale kuti amene anamuseka sanalakwe kwenikweni.

Sanalakwe chifukwa mbiri ili kumbali yawo. Trout si nsomba ya kwathu. Ya mtundu wa rainbow kwawo n'kumadzulo kwa North America, ndipo ya mtundu wa brown kwawo ndi ku Ulaya. Kuno ku Kenya inabwera mu 1905, pamene mtsamunda Ewart Grogan anaitanitsa mazira ake kuchokera ku Britain n'kukaika tinsombato mu mtsinje wa Gura, m'mapiri a Aberdare. Grogan ameneyu ndi yemwe uja anadutsa kwathu ku Nyasaland pa ulendo wake wotchuka wochokera ku Cape, umene unathera ku Cairo mu 1900, ndipo ndi yemwenso mu 1907 anakwapula poyera antchito ake atatu achikuda kutsogolo kwa khoti la mu Nairobi. Amene munakakonzetsako galimoto m'tauni, cha ku Kirinyaga Road, mukudziwa kuti amakaniko amatchulabe dera lawo kuti Grogon. Chaka chotsatira, mu 1906, trout inafika kwathu, niikidwa m'mitsinje ya pa phiri la Zomba, pamwamba penipeni pa likulu la boma la atsamunda. Kenako inafika pa Mulanje ndi ku Nyika. Palibe amene anaibweretsa poganizira ndiwo za munthu wa ku Chinamwali kapena wa ku Likhubula. Inali ya akuluakulu a boma ndi a m'maesiteti, oti Loweruka akapumule m'malo ozizira owakumbutsa kwawo ku Scotland, makolo athu atawasenzera mahema ndi madengu a chakudya pokwera phiri.

Bungwe la Kenya Fly Fishers' Club linayamba mu 1919, nthawi imene nthaka yachonde ya m'mapiri inali italandidwa kale kwa eni ake. Nkhondo ya Mau Mau itabuka mu 1952, nkhalango za Aberdare zomwezo, zimene mitsinje ya trout imachokerako, n'zimene zinabisa omenyera ufulu monga Dedan Kimathi. Choncho Mkikuyu wachikulire akaona munthu ataima mumtsinje atavala chipewa chachikulu, ndodo yaitali ili m'manja, ali ndi zifukwa zake zomuyang'anira cham'mbali. Ndipo chithunzichi sichinafufutike ndi ufulu wodzilamulira. Mu 2010 Prince William wa ku Britain anafunsira mbeta Kate Middleton ku Rutundu, kanyanja ka trout ka pa phiri la Kenya, ndipo dziko lonse linamva. Ndani angamutsutse mayi uja?

Kunyada kwake n'kwa m'magazi ndithu, moti ngakhale eni ake ankanyozana okhaokha. Ku England, Frederic Halford, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1886, ndi otsatira ake ankaphunzitsa kuti msodzi waulemu wake amawedza ndi nyambo yoyandama pamwamba pa madzi basi, ndiponso amaponyera nsomba yokhayo imene waiona ikudya. Loya wina, G.E.M. Skues, ataonetsa kuti trout imadya kwambiri tizilombo timene tidakali pansi pa madzi, ndipo n'kwanzeru kuiponyera komweko, anamuona ngati wodetsa mwambo, mpaka mu 1938 akuluakulu a kalabu ya ku London anachita kusonkhana kuti akambe mlanduwo. Ngati ankachitira zotere loya mnzawo, nanga ife amene tinakula tikukumba nyongolotsi kudambo n'kumaziika m'chitini cha Cobra akanatiika pati?

Zonsezi tinali nazo m'mutu pamene tinanyamuka mbandakucha, kudutsa Thika ndi Kenol, kenako n'kuyamba kukwera zitunda za Murang'a. Ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu. Minda ya tiyi itayamba kuoneka, yobiriwira mpaka kumapeto kwa maso, mmodzi mwa ife, mwana wa ku Thyolo, anangoti chete osayankhulanso. Amene anatilandira kumtsinje sanali Mzungu. Anali bambo wa m'mudzi wa pafupi pomwepo, mlimi wa tiyi amene amaperekeza alendo akapezeka, ndipo chinthu choyamba chimene anachita chinatidabwitsa: ndodo anaisiya pa udzu, n'kulowa m'madzi kukagudubuza mwala. Kunsi kwa mwalawo kunali tizilombo tating'onoting'ono tokwawa. Anatitola, kutiyang'ana, kenako anatsegula kabokosi kake n'kusankha kambedza kokulungidwa ndi ulusi ndi ubweya kofanana nato maonekedwe ndi msinkhu. Anati nsomba lero ikudya timeneti, ukaipatsa china ingokuyang'ana.

Apa m'pamene pagona kukoma kwa kawedzedwe kameneka, ndipo tikufuna tikufotokozereni bwino, chifukwa ambiri timakanyoza tisanakamvetse. Nyambo yake si chakudya ayi. Ndi bodza lopangidwa ndi manja: kambedza kovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti kaoneke ngati kachilombo kouluka kapena kokwawa m'madzi. Kamapepuka kwambiri moti simungakaponye monga tiponyera mbedza ya nyongolotsi yokhala ndi chitsulo. Cholemera ndi chingwe. Msodzi amachiyendetsa mumlengalenga, kumbuyo ndi kutsogolo, ngati mkwapulo wa woyendetsa ngolo, mpaka chitambasuke n'kukatula kanyamboko pa madzi mofatsa ngati katsamba kogwa. Trout imakhala itayang'ana kumene madzi akuchokera, itabisala kuseri kwa mwala kapena kunsi kwa gombe, kudikira kuti mtsinje uibweretsere chakudya. Ndiye msodzi amayenda chokwera mtsinje kuti aidzere kumbuyo, mowerama, osalola chithunzithunzi chake kugwera pa dziwe, pakuti madziwo ndi oyera mbee ndipo nsombayo ili ndi maso akuthwa. Kanyambo kakayenda mofulumira kapena mochedwa kusiyana ndi thovu la pambali pake, nsomba imadziwa kuti pali chinyengo.

Tinkamvetsera zimenezi tikuyang'anana, chifukwa nzeru yake si yachilendo kwa Mmalawi. Mnyamata wokumba mbewa amadziwa una umene muli kanthu poona dothi la pakhomo pake. Wotchera ngumbi amadziwa madzulo amene zituluke mvula yoyamba ikagwa. Msodzi wa usipa amawerenga mwezi ndi mphepo ya mwera asanayatse nyali zake, ndipo a m'mphepete mwa nyanja akaona mtambo wa nkhungu ukufuka pa madzi ngati utsi amadziwa chimene chikuchitika kunsi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo wa ku Nkhotakota uja, atati aime pa Mathioya theka la ola, angaugwire mtsinjewo msanga kuposa ife tonse ophunzira.

Za luso lathu tisanene zambiri. Tinakola nthambi za mitengo kangapo, wina anakola chipewa cha mnzake, ndipo tsiku lonse tinagwira kansomba kamodzi kosakwana chikhatho ndi theka, ka mawanga akuda ndi mzere wofiirira m'nthiti. Koma tinazindikira madzulo kuti kwa maola asanu ndi limodzi palibe amene anagwira foni, palibe amene anatchula lendi, chiphaso chogwirira ntchito kapena mtengo wa Kwacha. Inu amene mumagona pafupi ndi Mirema Drive kapena Lumumba Drive, kumene nyimbo za m'mabala zimalekeza m'mawa matatu atayamba kale kuliza mahutala, mukudziwa mtengo wa bata lotere.

Ndipo mbiri yomwe ija, mukaikumba mozama, imawatembenukira mabwana. Kawedzedwe kameneka sikanayambire m'makalabu. Cha m'ma 200, mlembi wa ku Rome, Claudius Aelianus, anafotokoza za asodzi wamba a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Ku Japan kuli njira yotchedwa tenkara, ya ndodo, chingwe ndi nyambo ya nthenga basi, popanda kagudumu kokulungira chingwe, ndipo eni ake anali anthu osauka a m'mapiri amene ankawedza kuti akagulitse. Anasankha nthenga chifukwa nyambo imodzi inkagwira nsomba zambiri osataya nthawi kusaka nyongolotsi. Olemera anadzapeza luso lili kale, iwo n'kumangira mpanda mtsinje, kuika mlonda pachipata, n'kulemba malamulo a kavalidwe.

Chimene chinatikhudza koposa n'chakuti timbedza ta nthenga timene asodzi a ku Ulaya ndi ku America amanyadira, tambiri timamangidwa kuno ku Kenya. Ndi ntchito imene yakhalapo zaka zambiri, ku Nairobi, ku Kericho ndi m'matauni ena: abambo ndi amayi atakhala pa matebulo, kapanira kakang'ono patsogolo, akumanga timbedza timodzitimodzi ndi zala, kenako n'kutilongedza m'madazeni kupita kunja. Ambiri mwa iwo sanaponyepo chingwe mumtsinje chibadwire. Kwa Mmalawi nkhani imeneyi si yofuna womasulira. Wothyola tiyi ku Mulanje amamwa wotsalira, wabwino atakwera sitima, ndipo mlimi wa fodya ku Kasungu sadziwa n'komwe dzina la ndudu imene tsamba lake lathera. Luso lili m'manja mwathu kale. Chimene tinauzidwa, ndipo tinavomera, n'chakuti chisangalalo chake si chathu.

Nanga funso la kubweza nsomba m'madzi? Tiyankhe mosabisa. Munthu amene mwana wake wagona ndi njala sabweza nsomba, ndipo ife okhuta a m'tauni tilibe pakamwa pomulalikira. Komanso si m'madzi monse mmene amaletsa kutenga. M'malo ena malamulo amalola zingapo za mumphika. Koma tisanamizire kuti kusiyira nsomba mpata ndi nzeru ya Azungu. Pa chilumba cha Mbenji, ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amatsatira chifukwa amaona utaka umene amakolola chilumba chikatsegulidwa. Kumene mwambo wotere unasowa, zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Ntchila, imene makolo athu ankaigwira yochuluka, inachepa kwambiri chifukwa chotchingidwa ndi maukonde pa mathiriro a mitsinje ikamakwera kukaswana. Chambo chasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka. Mpasa, imene Azungu anaipatsa dzina loifanizira ndi salmon, yatsala m'mitsinje yowerengeka monga Bua, kwawo kwa bambo athu aja, ndipo kumeneko chimene chaithandiza n'chakuti gawo la mtsinjewo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Kwina konse katupe ndi maneti a udzudzu zachita ntchito yake.

Trout nayo ili ndi mlandu wake, ndipo okonda nsombayi sakonda kuukamba. Ndi mlendo wolusa. Mitundu yonse iwiri ili pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikaikidwa kumene si kwawo. Imadya ana a achule, tizilombo ndi tinsomba ta eni dera, ndipo ku South Africa mkangano wa nkhaniyi pakati pa boma ndi asodzi watenga zaka. A kuno amadziwa chimene mbuta, nsomba ya Nile perch, inachita m'nyanja ya Victoria itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950. Ife sitikupempha kuti trout ithiridwe mumtsinje wina uliwonse watsopano. Mwayi wathu ndi wakuti siipirira madzi ofunda, choncho singatsike kukasokoneza nyanja yathu. Imakhala pamwamba pomwe anaisiya.

Kusapirira kumeneku ndiko kumaipatsa ntchito imene oibweretsa sanaiganizire. Trout imafuna madzi ozizira, oyera, a mpweya wokwanira. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dzuwa limatenthetsa madzi, matope amakwirira timiyala timene imaikirapo mazira, ndipo imasowa anthu asanazindikire kuti mtsinje ukudwala. Tsono madzi ambiri a mumzinda wa Nairobi amachokera ku damu la Ndakaini, ku Murang'a komweko, lodzazidwa ndi mitsinje ya m'mapiri a Aberdare. Masiku amene mipope ya m'nyumba zathu zosanjikizana za ku Roysambu yauma, tikuthamangira zigubu za pa ngolo zokoka ndi manja, nkhani ya mitsinje imeneyi imakhala yathu, tifune tisafune. Kwathu n'chimodzimodzi. Mtsinje wa Mulunguzi, umene umadutsa pa malo otchedwa Trout Farm pa phiri la Zomba, ndi womwewo umadzaza damu limene limamwetsa mzinda wonse, chipatala chachikulu ndi yunivesite ya ku Chirunga. Amene mwapitako kumudzi zaka zaposachedwapa mwaona mmene phirilo lameteka ndi macheka, moto ndi makala. Ndipo namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anationetsa ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe chimene madzi amachita akatsika phiri mwaukali.

Funso lathu kwa mayi aja, mwaulemu wonse, ndi ili: tikagamula kuti mitsinje ya pa Zomba, ya pa Mulanje ndi madamu a ku Chelinda n'za mabwana, adzaiyankhulire ndani? Tinalandira ufulu mu 1964. Papita zaka zoposa 60, koma alipo anthu obadwira ku Matawale amene sanapondepo pa Ku Chawe, osati chifukwa wina anawaletsa, koma chifukwa mumtima anauzidwa kuti kumeneko n'kwa alendo. Mpira unabwera ndi Azungu, koma Bullets ikakumana ndi Wanderers palibe amene amati n'za mabwana. Netball inabwera ndi Azungu, lero ma Queens ndi amene amatitchukitsa kunja. Chimanga chenichenichi, chimene timalumbirira kuti popanda nsima sitinadye, kwawo ndi ku America. Tinalandira zonsezi n'kuzisandutsa zathu. Chotilepheretsa pa kambedza ka nthenga n'chiyani?

Ena adzati ndi ndalama, ndipo akunena zoona pang'ono. Ndodo za m'masitolo, kagudumu kake ndi majombo ofika m'chiuno zimadula, ndipo madzi ena abwino ali m'manja mwa makalabu ndi malo ogona alendo amene mitengo yawo si ya munthu wolandira malipiro a mphunzitsi. Chipata chimenecho chilipo ndithu, ndipo makalabu amene amadandaula kuti achinyamata sakubwera ayambe ayang'ana chipata chawocho. Koma wotiperekeza uja analowa m'madzi ndi nsapato zapulasitiki, ndipo ndodo zitatu tinachita kubwereka. Nsungwi kwathu n'zosasowa. Nthenga za nkhanga ndi za tambala timataya kudzala tsiku lililonse la chikondwerero.

Choopsa chimene tikuchiona chili mwa ife tomwe a kunja. N'kosavuta kuti munthu amene wapeza bwino ku Nairobi, ku Johannesburg kapena ku London agule zovala zonse za msodzi, akajambulitse ataima mumtsinje, aike pa Facebook, kenako ayambe kunyoza mwana wa m'mudzi amene akuwedza ndi nyongolotsi kumunsi kwa mlatho. Ameneyo wangolowa m'malo mwa Grogan, khungu lokha ndi limene lasintha. Ngati mlimi wa m'mbali mwa mtsinje sapezapo kanthu, ngati mwana wake athamangitsidwa pa dziwe limene agogo ake ankasambapo kuti mlendo wa mumzinda awedze mwabata, ndiye kuti mayi aja ananena zoona ndipo ife tawataya nthawi. Tikapita, tipite ngati ophunzira, tilipire wotiperekeza mosanyinyirika, tigule nthochi ndi mapeyala a anthu a komweko, ndipo ana athu, amene ambiri mwa iwo mtsinje amaudziwa ndi wakuda uja wodutsa kunsi kwa milatho ya mu Nairobi, akaone madzi amene munthu amaona mwala wa pansi.

Choncho pempho lathu ku komiti n'lakuti nkhaniyi ibwerenso pa msonkhano ukubwerawu, ndipo mnyamata uja apatsidwe mpata womaliza zimene ankanena. Ife atatu tidzabwera ndi kabokosi ka timbedza khumi ndi tiwiri timene tinagula kwa wotiperekeza, kuti aliyense atigwire ndi manja ake. Abale a ku Zomba ndi ku Rumphi amene mukuwerenga muli kwina, tilembereni zimene mukukumbuka za Mulunguzi ndi Chelinda, makamaka ngati agogo anu anagwirako ntchito. Tidzazisindikiza m'tsamba lotsatira.

Bambo a ku Nkhotakota tinakawaona kunyumba kwawo ku Zimmerman Lamulungu lapitali, n'kuwaonetsa kabokosiko. Anatenga kambedza kamodzi, kukayang'anitsitsa pa windo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati nthengazo ndi za nkhanga. Avomera kuti adzapita, koma apereka mfundo ziwiri: adzanyamula chitini chawo cha nyongolotsi m'thumba la jekete, ndipo pobwerera galimoto idzaime penapake pogula nsomba yoti akaonetse mayi a kunyumba.